Mbiri ya Chiphunzitso cha Chisinthiko cha Zamoyo

Chiyambire kalekale, pamene anthu anayamba kusunga mbiri ya makolo awo pamtima ndi kuisiyira ana awo usiku pamoto, palibe mtundu ndi umodzi womwe pansi pa thambo umene unakhala osadzifunsa kumene zinachokera nyama za m'thengo, mbalame za m'mlengalenga, nsomba za m'madzi, ndi munthu amene amazitcha zonsezo maina. Achewa anali ndi yankho lawo, lakuti Chauta anatsikira pa Kaphirintiwa pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse, thanthwe likali lofewa, nasiya mapazi awo pomwepo. Ana a Israeli anali ndi lawo, lolembedwa m'buku la Genesis, limene linafalikira ku Ulaya konse pamodzi ndi Chikhristu. Ndipo mayankho amenewa, ngakhale asiyana m'zambiri, agwirizana pa chinthu chimodzi, chakuti mtundu uliwonse wa zamoyo unaoneka uli wathunthu monga tiuonera lero, fisi ali fisi, njovu ili njovu. Mbiri imene tifuna kulongosola pano ndi ya ganizo lina, lakuti mitundu ya zamoyo imasinthika ndi kubala mitundu ina, ndiponso ya zimene anthu anachita nalo ganizolo litagwa m'manja mwawo.

Amene anatsogola

Ganizoli silinayambe ndi munthu mmodzi. Zaka zoposa 500 Khristu asanabadwe, Mgriki wina wa ku Miletus, dzina lake Anaximander, anaphunzitsa kuti zamoyo zinayambira m'madzi ndi kuti makolo a anthu anali onga nsomba. Ndipo patapita mibadwo yambiri mlembi wa ku Basra, al-Jahiz, analemba za nyama zimene zimalimbirana chakudya, yamphamvu kudya yofooka. Koma awa anali malingaliro a anthu anzeru opanda mboni zowachirikiza, ndipo ophunzira a ku Ulaya anatsata Aristotle, amene anasanja zamoyo kuyambira zapansi kufikira zapamwamba, chilichonse pamalo pake posasunthika. M'chaka cha 1650 bishopu wamkulu James Ussher wa ku Ireland, atawerengera mibadwo ya m'Chipangano Chakale, analengeza kuti dziko linalengedwa m'chaka cha 4004 Khristu asanabadwe. Ndipo chiwerengero chimenechi chinadzasindikizidwa m'mphepete mwa masamba a Mabaibulo a Chingerezi, kotero kuti anthu wamba anachiyesa mbali ya Malembo eni ake.

Chikhulupiriro chimenechi chinayamba kugwedezeka pamene anthu, pokumba migodi ndi ngalande zakuya, anapeza m'matanthwe zigoba ndi mafupa osanduka mwala a nyama zimene munthu aliyense sanazionepo zili zamoyo. Carl Linnaeus wa ku Sweden, amene mu 1735 anayamba kusanja zomera ndi nyama m'mabanja mwake, ankakhulupirira kuti akuwerenga ntchito za manja a Mlengi, komabe poona kufanana kwa matupi sanapeze pena pomuika munthu koma m'gulu limodzi ndi anyani. Georges Cuvier wa ku Paris anasonyeza mu 1796 kuti mafupa a njovu zaubweya opezeka ku Siberia sanali a njovu za ku Africa kapena za ku India, ndiko kunena kuti mtundu wathunthu ukhoza kutha psiti pa dziko. Ndipo James Hutton wa ku Scotland, ndi Charles Lyell pambuyo pake, anaphunzitsa kuti mapiri ndi zigwa zinaumbidwa pang'onopang'ono ndi mvula, mitsinje ndi zivomezi zomwezi tiziona lero, ntchito imene siikadatheka m'zaka 6,000 zokha. Mu 1809 Jean-Baptiste Lamarck ananena poyera kuti mitundu imasinthika, nafotokoza kuti kadyamsonga anatalika khosi chifukwa makolo ake ankalitambasula pofuna masamba a pamwamba, ana natengera kutalikako. Koma kufotokoza kumeneku kunalibe umboni, ndipo Cuvier, amene mawu ake ankalemera pakati pa ophunzira a ku France, anakunyoza poyera.

Darwin ndi ulendo wake

M'chaka chomwecho cha 1809, pa 12 Febuluwale, ku Shrewsbury m'dziko la England, kunabadwa Charles Darwin, mwana wa dokotala wolemera, mdzukulu wa Erasmus Darwin amene nayenso analembapo za kusinthika kwa zamoyo, ndi wa Josiah Wedgwood woumba mbale, mabanja odziwika ndi kudana ndi ukapolo. Atate wake anamtumiza ku Edinburgh kuti akaphunzire udokotala, koma mnyamatayo sanapirire kuona odwala akung'ambidwa ali maso, pakuti mankhwala ogonetsa kunalibe masiku amenewo; chimene anapindula kumeneko ndi luso lofufuta ndi kusunga zikopa za mbalame, limene anamphunzitsa John Edmonstone, munthu wakuda womasulidwa ku ukapolo wa ku Guyana. Udokotala utamkanika, anapita ku Cambridge kukakonzekera ubusa wa mpingo wa Anglican, nawerenga mokondwera buku la William Paley, lonena kuti monga wotchi ichitira umboni mmisiri wake, momwemonso diso ndi phiko zichitira umboni Mlengi. Koma asanadzozedwe, mphunzitsi wake John Henslow anampezera malo m'chombo cha boma chotchedwa Beagle, chimene chinali kupita kukajambula mapu a magombe a South America.

Chombocho chinanyamuka ku Plymouth pa 27 Disembala 1831, Darwin ali ndi zaka 22, ndipo ulendo umene anauyesa wa zaka ziwiri unatha pafupifupi zisanu. Ku Brazil anaona nkhanza za ukapolo ndi maso ake, nakangana kolimba ndi mkulu wa chombo, Robert FitzRoy, amene ankauikira kumbuyo. Ku Argentina anafukula mafupa a zinyama zikuluzikulu zimene zinatha kale, koma zofanana modabwitsa ndi tinyama timene tikali moyo m'dziko lomwelo. Ku Chile anaona gombe litakwezedwa ndi chivomezi cha 1835, ndipo pamwamba pa mapiri a Andes anatola zigoba za m'nyanja. Pa zilumba za Galápagos, makilomita pafupifupi 1,000 kuchokera ku Ecuador, mkulu wina wa boma anamuuza kuti akhoza kudziwa chilumba chimene kamba wachokera pongoona chigoba chake, mawu amene Darwin sanawasamale tsiku limenelo. Koma atabwerera kwawo mu Okutobala 1836, ndipo katswiri wa mbalame John Gould atamuuza kuti timbalame timene anatola kumeneko, tina tamlomo wochindikala woswera njere, tina tamlomo wosongoka wotolera tizilombo, tonse tinali ta banja limodzi, funso linamgwira osamleka: chifukwa ninji zilumba zoyandikana, za nyengo imodzi ndi miyala imodzi, zikhale ndi mitundu yosiyana, ndipo yonseyo ifanane ndi ya kumtunda ku America?

Yankho linadza mu 1838, pamene anawerenga buku la mbusa Thomas Malthus, lonena kuti anthu amaswana msanga kuposa m'mene chakudya chichulukira. Darwin anaona kuti lamulo limeneli likhudza zamoyo zonse, ndipo chiphunzitso chake chonse chaima pa mfundo zinayi zimene munthu aliyense wopenya angazitsimikize: kuti ana a mimba imodzi safanana kotheratu, kuti zambiri mwa zosiyanazo zimapita kwa ana awo, kuti zobadwa zichuluka kuposa zimene dziko lingadyetse, ndi kuti chifukwa chake zimene zili ndi kanthu kothandiza m'malo amene zikhala, kaya liwiro, kaya maanga obisika m'udzu, kaya thupi lopirira chilala, ndizo zimapulumuka kawirikawiri ndi kusiya ana ambiri. Mlimi amene pokolola amapatula chimanga chachikulu ndi chamaso okhwima, nachipachika kutsindwi kuti chikhale mbewu, amasintha chimanga chake chaka ndi chaka ngakhale osadziwa. Ndipo Darwin, amene anaweta nkhunda za mitundumitundu zochokera zonse ku nkhunda imodzi ya m'matanthwe, anati njala, matenda, adani ndi nyengo zimachita kusankha komweko popanda cholinga, ndipo zikapatsidwa zaka mamiliyoni zikhoza kugawa mtundu umodzi kukhala mitundu yambiri, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Kumeneku ndiko kusankha kwa chilengedwe.

Atapeza yankho anakhala nalo chete zaka makumi awiri. Anakwatira msuweni wake Emma Wedgwood, mkazi wopembedza amene ankada nkhawa ndi moyo wauzimu wa mwamuna wake. Anasamukira kumudzi wa Downe, nakhala wodwaladwala. Anaona m'mene ophunzira anakhadzulira buku lina la chisinthiko lotuluka mu 1844 popanda dzina la mwini wake. Ndipo anatha zaka zisanu ndi zitatu akusanthula tizilombo ta zigoba timene timamatirira pansi pa zombo, podziwa kuti kuona maso a nkhono nkudekha. Imfa ya mwana wake wamkazi Annie mu 1851, ali ndi zaka 10, inamlasa mtima, ndipo chikhulupiriro chake, chimene chinali chitayamba kale kuzirala, sichinabwererenso. Koma zengerezu adalinda kwawukwawu: mu Juni 1858 analandira kalata yochokera ku chilumba cha Ternate, m'dziko limene lero ndi Indonesia, ya Alfred Russel Wallace, munthu wopanda chuma wodzidyetsa ndi kutola mbalame ndi agulugufe zogulitsa ku Ulaya, amene ali chigonere ndi malungo anafika pa ganizo lomwelo, nayenso atakumbukira Malthus. Abwenzi a Darwin, Lyell ndi Joseph Hooker, anakonza kuti zolemba za onse awiri ziwerengedwe pamodzi pa msonkhano wa Linnean Society ku London pa 1 Julayi 1858, eni ake palibe, Wallace ali kutali, Darwin ali pamaliro a mwana wake wamng'ono. Ndipo pa 24 Novembala 1859 linatuluka buku la Darwin lotchedwa On the Origin of Species, mabuku 1,250, amene ogulitsa anawaitanitsa onse nthawi yomweyo.

Mkangano woyamba

Chinali chaka chomwecho chimene David Livingstone anafika pa nyanja ya Malawi, ndipo wosindikiza mabuku a Livingstone ndi a Darwin anali mmodzi, John Murray. Mkangano wokumbukika unachitikira ku Oxford pa 30 Juni 1860, pakati pa Thomas Huxley, bwenzi la Darwin, ndi Bishopu Samuel Wilberforce, mwana wa uja anamenyera kuthetsa malonda a akapolo, ndiponso mmodzi wa ochirikiza mishoni ya UMCA imene inadzamanga ku Magomero. Zimene zatifika za tsikulo ndi zokumbukira za opezekapo: kuti bishopu anafunsa monyodola ngati Huxley anachokera kwa nyani kuchimuna kapena kuchikazi, kuti Huxley anayankha kuti nyani samchititsa manyazi monga munthu wogwiritsa nzeru zake kuphimba choonadi, ndi kuti FitzRoy, mkulu wa chombo uja, anaimirira atanyamula Baibulo m'mwamba. Mbali zonse ziwiri zinatuluka zikudzitama kuti zapambana. Koma tisayese kuti mpingo wonse unaima mbali imodzi, pakuti mbusa Charles Kingsley, ndi Asa Gray, katswiri wa zomera wa ku America amene anali Mkhristu wolimba, anaona kuti Mulungu wolenga zinthu zokhoza kusinthika sachepa ulemerero. Ndipo Henry Drummond, mlaliki wa ku Scotland amene anayenda m'dziko la nyanja mu 1883, analemba mabuku ofuna kuyanjanitsa chisinthiko ndi Uthenga Wabwino.

M'buku loyamba lija Darwin anailambalala nkhani ya munthu, koma mu 1871 anailowa m'buku la The Descent of Man. Sanaphunzitse, monga ambiri anenera kufikira lero, kuti munthu anabadwa kwa nyani amene timuona akuba chimanga m'munda. Anati munthu ndi anyani akuluakulu opanda mchira ali ndi kholo limodzi lakalekale limene linatha, ndipo popeza gorila ndi chimpanzi, amene afanana nafe koposa, akhala mu Africa, analingalira kuti makolo oyamba a anthu anakhala mu Africa momwemo. Anatsutsanso ophunzira amene ankati akuda ndi oyera anachokera kosiyana, nanenetsa kuti anthu onse ndi mtundu umodzi. Komabe iye sanapulumuke ku maganizo a azungu anzake a masiku amenewo, pakuti m'buku lomwelo anagawa anthu kukhala otsogola ndi otsalira, nayembekeza kuti otsogolawo adzafafaniza enawo. Kotero kuti tirigu ndi namsongole zinafesedwa m'munda umodzi. Anamwalira pa 19 Epulo 1882, naikidwa m'tchalitchi cha Westminster Abbey, momwe munagona kale Livingstone. Nthano imene ikali kumveka pa maguwa ena, yakuti anakana chiphunzitso chake ali pafupi kutsirizika, inafalitsidwa ku America mu 1915 ndi mayi wina wotchedwa Lady Hope, ndipo ana a Darwin anaikana kwamtuwagalu.

M'manja mwa amphamvu

Tsono chiphunzitsocho chinatuluka m'nyumba za ophunzira ndi kulowa m'mabwalo a olamula ndi m'nyumba za olemera. Herbert Spencer, amene mu 1864 anapeka mawu otchuka akuti opulumuka ndiwo oyenera, ankaphunzitsa kuti boma likathandiza osauka lisokoneza lamulo la chilengedwe. Ndipo eni mafakitale, monga Andrew Carnegie wa zitsulo ku America, anakondwa kumva kuti chuma chawo ndi mboni ya kuyenera kwawo. Kunyoza Aafrika sikunayambe ndi Darwin, pakuti ogula akapolo anali atapotoza kale nkhani ya Hamu, ndipo Sarah Baartman, mkazi wa mtundu wa Akhoikhoi, anaonetsedwa ngati chilombo ku London ndi ku Paris, namwalira mu 1815 Darwin akali mwana; koma chidani chakalecho chinavala mkanjo wa sayansi pa nthawi yeniyeni imene maiko a ku Ulaya anali kugawana Africa pa msonkhano wa ku Berlin wa 1884 ndi 1885. Lord Salisbury, nduna yaikulu ya Britain imene m'nthawi yake dziko la Nyasaland linalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891, analankhula mu 1898 za mitundu yamoyo ndi mitundu imene ili kufa, yoyambayo yoti idzalowe m'malo a inayo. Ku Namibia, pakati pa 1904 ndi 1908, asilikali a Germany atapulula Aherero ndi Anama, zigaza za ophedwa zinatumizidwa ku Berlin kuti zikayezedwe, ndipo zina zinayamba kubwezedwa mu 2011. Ku New York, mu 1906, mnyamata wa ku Congo, Ota Benga, anaikidwa m'khola la anyani kuti anthu azidzamuona, kufikira abusa akuda anadzudzula mwamphamvu, ndipo mu 1916 iye anadzipha.

Msuweni wa Darwin, Francis Galton, anapitirira pamenepo, nati boma liyenera kusankha anthu oyenera kubala ndi kuletsa osayenera. Chiphunzitso chimenechi anachitcha eugenics mu 1883, ndipo chinakopa madokotala, aphungu, ngakhale abusa, pakuti chinalonjeza dziko lopanda matenda ndi umphawi. Koma chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Chigawo cha Indiana ku America chinakhazikitsa mu 1907 lamulo lotseka anthu mokakamiza kuti asabereke. Bwalo lalikulu la dzikolo linavomereza mchitidwewu mu 1927 pa mlandu wa mtsikana wosauka Carrie Buck. Ndipo otsekedwa anapitirira 60,000, ambiri a iwo amphawi ndi olumala. Boma la Hitler linatsata njira yomweyo ndi lamulo la 1933, nilitseka anthu pafupifupi 400,000, kenaka linayamba kupha olumala ndi odwala misala m'zipatala, ndipo mpweya wakupha umene unayesedwa pa iwo ndiwo unadzatembenuziridwa kwa Ayuda, amene m'nkhondoyo anaphedwa okwana 6 miliyoni. Cholakwa cha onsewa chinali chimodzi: anatenga mawu ofotokoza zimene zimachitika m'thengo nawasandutsa lamulo la zimene ziyenera kuchitika m'mudzi, naiwalanso kuti kwa Darwin woyenera si wamphamvu, si wolemera, si woyera khungu, koma chamoyo chilichonse chimene chisiya ana m'malo amene chikhala, kaya ndi mkango kaya nyongolotsi.

Si onse amene anawerenga motero. Huxley mwini wake, atakalamba, anaphunzitsa mu 1893 kuti ubwino wa anthu uli pa kulimbana ndi nkhanza za chilengedwe, osati pa kuzitsanzira. Peter Kropotkin, kalonga wa ku Russia amene anayenda zaka zambiri ku Siberia, anaona kuti m'dziko la chisanu choopsa nyama zopulumuka ndi zimene zimathandizana, nalemba buku la zimenezi mu 1902, kutsimikiza zimene akulu ananena, kuti kali kokha nkanyama, tili tiwiri ntianthu. Ku China, dziko litagonja kwa Japan mu 1895, Yan Fu anamasulira buku la Huxley kuti achenjeze anthu a kwawo kuti mtundu wosadzuka udzamezedwa, kotero kuti mawu amene atsamunda ankadzilungamitsa nawo anadzutsanso ofuna kudziteteza. Ku Soviet Union zinthu zinakhota mwa njira ina: Trofim Lysenko, wokondedwa wa Stalin, anaukitsa maganizo onga a Lamarck, nalonjeza kuti tirigu akhoza kuzolowetsedwa chisanu ndi kusiyira mbewu zake chizolowezicho, otsutsana naye anachotsedwa ntchito kapena kumangidwa, ndipo Nikolai Vavilov, amene anasonkhanitsa mbewu za m'maiko ambiri pofuna kuthetsa njala, anafa ndi njala m'ndende ya ku Saratov mu 1943.

Ku America mkangano unalowa m'sukulu. Mu 1925, m'tauni ya Dayton ku Tennessee, mphunzitsi John Scopes anazengedwa mlandu wophunzitsa chisinthiko cha munthu motsutsana ndi lamulo la chigawocho, nalipitsidwa madola 100. Ambiri amaukumbukira mlanduwu ngati nkhondo ya kuunika ndi mdima, koma William Jennings Bryan, amene anaimira boma, anali munthu womenyera osauka, ndipo china chimene chinamuopsa ndi kuona chiphunzitsochi chikulungamitsa nkhondo ndi kupondereza ofooka. Buku limene Scopes ankaphunzitsira linaikadi azungu pamwamba pa mitundu yonse. Malamulo oletsa otere anathetsedwa ndi bwalo lalikulu mu 1968, ngakhale milandu inapitirira kufikira wa ku Dover mu 2005. Mpingo wa Katolika unayenda njira ina: Papa Pius XII mu 1950 analola kufufuza za chisinthiko cha thupi, malinga mzimu uvomerezedwe kuti uchokera kwa Mulungu, ndipo Papa John Paul II mu 1996 anavomereza kuti umboni wake wakula. Mipingo ina yambiri ikuchikanabe kufikira lero, mu Africa monga ku America. Ndipo ku South Africa, kumene mafupa ofunika kwambiri anafukulidwa, chisinthiko chinatsekeredwa kunja kwa sukulu m'nthawi ya tsankho, nichilowa m'maphunziro a sekondale mu 2008.

Umboni wa magazi ndi mafupa

Andale ali mkati mochita izi, ophunzira anali kuyankha funso lalikulu limene linamkanika Darwin, pakuti iye sanadziwe m'mene mwana amatengera makolo ake. Yankho linali litalembedwa kale mu 1866 ndi wansembe Gregor Mendel wa ku Brno, amene anakwatitsa nsawawa m'dimba la nyumba ya ansembe kwa zaka zisanu ndi zitatu, napeza kuti chibadwa sichisungunuka mwa ana, koma chimayenda m'timagawo tokhoza kubisala m'badwo umodzi ndi kuonekeranso m'badwo wotsatira. Koma mawu a akulu akoma akagonera, ndipo zolemba zake zinagona kufikira 1900. Pakati pa 1918 ndi 1942 Ronald Fisher, J. B. S. Haldane, Sewall Wright, Theodosius Dobzhansky ndi Ernst Mayr analumikiza nzeru za Mendel ndi za Darwin kukhala chiphunzitso chimodzi. Ndipo mu 1953 James Watson ndi Francis Crick, pothandizidwa ndi zithunzi za Rosalind Franklin, analongosola kapangidwe ka DNA, momwe mumasungidwa chibadwa cha zamoyo zonse. Nzeru yomweyi inagumula maziko a tsankho: bungwe la UNESCO linalengeza mu 1950 kuti anthu onse ndi mtundu umodzi, ndipo kuyeza kwa masiku ano kwasonyeza kuti anthu awiri alionse afanana pa magawo oposa 99 mwa 100, ndi kuti kusiyana kochuluka kuli pakati pa Aafrika eni ake, chizindikiro chakuti anthu akhala mu Africa nthawi yaitali kuposa kwina kulikonse.

Mafupa anali atayamba kale kuchita umboni womwewo, ngakhale a ku Ulaya anachedwa kuwamvera. Mu 1912 ku Piltdown, m'dziko la England, kunapezeka chigaza chimene Angerezi anachilandira ndi manja awiri, pokondwa kuti kholo la anthu linali la kwawo. Mu 1921 ogwira ntchito mumgodi wa Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe ku Zambia, anafukula chigaza china, chimene chinatengedwa kupita ku London, komwe chili kufikira lero ngakhale Zambia apempha kuti chibwezedwe. Ndipo pamene Raymond Dart wa ku Johannesburg analengeza mu 1925 za chigaza cha mwana chopezeka m'miyala ya laimu ku Taung, cha bongo waung'ono koma chosonyeza kuti mwini wake ankayenda choimirira, akatswiri a ku London anapukusa mitu. Mu 1953 zinaululika kuti cha ku Piltdown chinali chinyengo, chigaza cha munthu cholumikizidwa ndi nsagwada ya nyani wa orangutan. Kuyambira pamenepo nthaka ya Africa inatulutsa mboni zake motsatizana: zimene Mary ndi Louis Leakey anapeza ku Olduvai mu 1959, ndi mafupa otchedwa Lucy, a zaka 3.2 miliyoni, ku Ethiopia mu 1974. Mapazi a ku Laetoli ku Tanzania, a zaka 3.6 miliyoni, anapezeka mu 1978. Ndipo mu 1991, ku Uraha kumwera kwa Karonga, gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza nsagwada ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, imodzi mwa zakale koposa za banja lathu la Homo. Ofufuza lero agwirizana kuti mzera wathu unapatukana ndi wa chimpanzi zaka zoposa 6 miliyoni zapitazo, kuti anthu onga ife anaoneka mu Africa zaka pafupifupi 300,000 zapitazo, ndi kuti Azungu, Amwenye, Matchaina ndi ena onse a kunja ndi zidzukulu za timagulu timene tinasamuka mu Africa.

Ndipo chisinthiko si nkhani ya mafupa okha, pakuti chikuchitika ife tikupenya. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya kumtunda, mazanamazana a mbuna, utaka, ncheni, ndunduma ndi abale awo, pafupifupi yonse yosapezeka kwina, yochokera kwa makolo ochepa amene analowa m'nyanjamo kalekale. Ina imapala ndere pamiyala, ina imapeta mchenga, ina imadya mamba a zinzake, ndipo mbuna za pa chilumba chimodzi zimasiyana maanga ndi za pa chilumba choyandikana nacho. Ichi ndi chifukwa chachikulu chimene UNESCO inaikira paki ya ku Cape Maclear m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Mu 1954 Anthony Allison anasonyeza kum'mawa kwa Africa kuti chibadwa cha nthenda ya sickle cell chimachuluka m'madera a malungo chifukwa wochitengera kwa kholo limodzi lokha amatetezedwa ku malungo oopsa. Tizilombo ta malungo natonso timasinthika: klorokwini atamwedwa zaka zambiri, tofooka tinafa, topirira tinaswana, kufikira mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kumsiya ndi kutenga Fansidar, amenenso anafooka nalowedwa m'malo ndi LA mu 2007, ndipo ofufuza ku Blantyre anapeza kuti klorokwini atachotsedwa zaka zoposa khumi, tizilombo tomumvera tinachulukanso. Ku Gorongosa ku Mozambique, m'nkhondo ya 1977 mpaka 1992, opha njovu anafuna za minyanga, kotero kuti pakati pa zazikazi zotsala pafupifupi theka zinali zopanda minyanga, ndipo ana awo aakazi ambiri anatengera.

Zapita zaka zoposa 160 chitulukire buku la Darwin, ndipo pakati pa akatswiri a zamoyo, opembedza ndi osapembedza omwe, mkangano sulinso pa funso lakuti kodi zamoyo zimasinthika, koma pa liwiro lake ndi njira zake. Dokotala wolangiza wodwala kuti amalize mankhwala a TB kapena asadumphe ma ARV, ndi mlangizi wouza mlimi kuti azisinthanitsa mankhwala a mbozi, onse ayenda m'nzeru imeneyi, kaya alidziwa dzina la Darwin kaya salidziwa. Mbiri iyi itiphunzitsa kulekanitsa zinthu ziwiri zimene mibadwo yapitayo inazisakaniza, mwazi wosalakwa nukhetsedwa. Chiphunzitso cha chisinthiko chili ndi mphamvu yonena kumene thupi la munthu linachokera, ndipo pa funso limenelo mboni za miyala, mafupa ndi magazi zagwirizana. Koma chilibe mphamvu yonena m'mene munthu ayenera kukhalira ndi mnansi wake, ngati wolumala aleredwe, ngati mlendo apatsidwe pogona, ngati mtundu wochepa mphamvu ulandidwe dziko lake. Milandu imeneyi igamulidwa ndi chikumbumtima, malamulo, chipembedzo ndi mwambo. Ndipo yense amene adzabwera mawa atanyamula zoyeza za DNA m'malo mwa zigaza, nanena kuti chilengedwe chagamula kale kuti ena alamulire ndi ena atumikire, tidzamfunse umboni wake, ndipo tidzamkumbutse za Aherero, za Carrie Buck ndi za Ota Benga.